Matebulo Atatu pa Dzina Langa

Anzanga, ndinakumana naye pa siteji ya Mulanje Boma, Lachisanu masana. Ndinkabwerera ku Limbuli komwe ndimaphunzitsa, ndipo mu minibasi munangotsala kampando ka pa injini kowotcha kaja.

"Sisi, musapse. Khalani apa," anatero mnyamata wa malaya oyera, akuchotsa chikwama pampando wakutsogolo. Pampando winawo anali atayikapo nyuzipepala.

Dalaivala ataliza galimoto, mnyamatayo anathamangira ku minibasi ina n'kubwerako ndi jekete. Kondakitala wa kumeneko anatsala akutukwana.

"Kumenekonso munagwira malo?" ndinafunsa.

"Munthu wanzeru sakhala ndi plan imodzi, sisi."

Ndinaseka. Ine, munthu wophunzitsa ana khalidwe, ndinaseka!

Dzina lake anali Hopewell, ankathandiza amalonda kulemba mapepala a katundu pa boda ya Muloza. Ankandibweretsera zitenje za ku Milange, nthawi yopuma kusukulu ankandiimbira, ndikamupatsa madzi ankati "obrigado" ngati wobadwira kutsidya. Miyezi isanu ndi itatu ndinkangoyenda ndikumwetulira ndekha.

Okutobala atayandikira anati, "Babe, pa Mother's Day amayi ako ndikawatengera ku paki."

Kwa amene simukudziwa, pakiyi ndi yatsopano, ili m'munsi mwa phiri, muli akatungwe ndi dziwe losambira, ndipo m'mbali mwake muli timalesitilanti titatu ting'onoting'ono. Ndifotokoze momwe timalesitilantiti timagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa tsiku lotere anthu amachuluka, ndiye umaimbiratu foni kubukitsa tebulo. Sakufunsa ndalama ya chikole. Amangolemba dzina lako, n'kukhulupirira mawu ako. M'mawa amapha nkhuku molingana ndi mayina amene alemba, chifukwa magetsi athu mukuwadziwa, furiji sungayidalire. Tebulo likalembedwa, wina aliyense amabwezedwa.

"Ndibwereke foni yako, yanga ilibe mayunitsi," anatero Hopewell madzulo ena. Ndinamupatsa.

Tsiku linafika. Amayi anavala chilundu chawo chatsopano, tinapita ndi azing'ono anga atatu, tonse anthu asanu ndi mmodzi. Hopewell anayendera malo onse atatu akusuzumira ngati woyendera sukulu, kenako anasankha pomwe panali nyimbo zaphokoso.

Tisanayambe kudya, foni yanga inalira.

"Aphunzitsi, ndine mayi Janeti. Muli pati kodi? Nkhuku zapsa kalekale."

Mayi Janeti ndimawadziwa. Timapemphera mpingo umodzi, ndipo kalesitilanti kawo kali kumapeto, kali ndi matebulo anayi okha.

"Nkhuku zanji, mayi?"

"Aa! Si munabukitsa? Bambo anaimba pa nambala yanuyi. Ndabweza anthu kawiri, ndikumati tebulo ili ndi la aphunzitsi, sanganame."

Ndisanayankhe, inalowanso foni ina, ya lesitilanti yachitatu. Funso lomwelo.

Ndinamuyang'ana Hopewell. Munthu akung'amba ntchafu ya nkhuku, mafuta ali chuchuchu.

"Wabukitsa malo atatu? Pa dzina langa?"

"Relax, babe. Options. Nanga tikanapeza kuno kwaipa?"

"Ndiye utasankha, bwanji sunawaimbire enawo?"

"Ndi mayunitsi a ndani? Ndi bizinesi imeneyo, apeza ena. Komanso ine nambala yanga amaidziwa, chaka chatha anandibuloka. Anthu ake ndi osachedwa kupsa mtima."

Anzanga... ananena akutafuna. Akutafuna!

Amayi anapukuta m'manja pang'onopang'ono. Iwo agwira ntchito yothyola tiyi zaka makumi awiri, sakonda zolankhulalankhula.

"Ireen, tiye," anatero.

"Amayi, chakudya chikuzizira," anatero Hopewell.

"Idyani, bambo. Mwachigwirira ntchito."

Tinayenda mpaka kumapeto. Pa mayi Janeti matebulo atatu anali odzaza. Lachinayi linali ndi nsalu yoyera, maluwa m'botolo, ndi kapepala kotsamizidwa ndi mwala: MADAM IREEN, ANTHU 6. Chapatali pansi pa mtengo panali banja lina, amayi achikulire atakhala pa chitenje pakati pa ana awo, akudya mabanzi ndi chinanazi.

"Awo ndi amene ndinawabweza," anatero mayi Janeti motsitsa mawu. "Achokera ku Muloza pa kabaza."

Sindinachitepo manyazi otere. Dzina limene ana makumi asanu ndi atatu amaliimirira m'mawa uliwonse, linali pa tebulo lopanda munthu, likuthamangitsa mayi wa eni pa tsiku lake.

Amayi anapita okha pansi pa mtengo paja, anagwada pang'ono, n'kuwaitana anzawowo. Tinapanikizana tonse patebulo limodzi, ena pa makireti. Ine ndinaimbira lesitilanti yachitatu kupepesa. Anandidulira foni, ndipo sindiwadandaula.

Hopewell anatipeza akutokosa m'mano.

"Ndiye drama yonseyi chifukwa cha tebulo?"

"Chifukwa cha mawu, Hopewell. Anthu awa alibe loya, alibe chikole. Ali ndi mawu athu basi."

"Wayamba phunziro, Madam? Belu silinalire."

Anaseka yekha. Ndinamuyang'ana bwinobwino, malaya oyera aja, nsapato zonyezimira zija, ndipo ndinaona munthu wamng'ono kwambiri. Wamng'ono kuposa mwala unali pa kapepala uja, chifukwa mwalawo unkasunga lonjezo.

"Pita," ndinatero. "Ukakwere minibasi imene yayamba kudzaza."

Ena mwandifunsa kuti kodi analinso ndi atsikana ena. Sindikudziwa, ndipo sindinadikire kuti foni ilirenso.

Kapepala kaja ndinakasunga m'Baibulo. Anzanga, mwamuna akakupatsani mpando, musathamangire kuthokoza. Muyambe mwafunsa kuti jekete walisiya kuti.