Ndolo ya Kambuyo

Pa famu ya ng'ombe zamkaka ija mukafunsa za mayi woyang'anira mathole, aliyense amangoti, "Mukunena Azamba?" Dzina lawo lenileni linatsalira mu ofesi, pa pepala limene anadindapo chala tsiku loyamba ntchito, zaka 26 zapitazo. Uzamba wawo si wa anthu ayi. Ng'ombe ikabereka, mwana wake amamuchotsa kwa make tsiku lomwelo, ndipo manja omulandira amakhala a mayi wamfupi ameneyu, wa jombo zazikulu kuposa mapazi ake ndi mpango wosuluka kumutu.

M'mawa Azamba sayamba ndi kupereka moni kwa anthu, ndipo ogwira nawo ntchito anasiya kalekale kudandaula. Amalunjika kukhola la mathole, n'kumapisa zala ziwiri m'kamwa mwa thole lililonse. Akatero amadziwa ngati m'kamwamo muli motentha bwino, komanso ngati tholelo likuyamwa ndi mphamvu. Amati palibe mathole awiri oyamwa mofanana: lina limakoka ngati likufuna kuzula chala, lina limayamba lanyambita kaye.

Thole lililonse limavekedwa kapulasitiki kachikasu kolembedwa nambala kukhutu, ndipo pa famupo amangokatcha ndolo. M'chipinda chosungira mkaka waufa, kuseri kwa matumba, Azamba ali ndi chitini chakale cha penti. M'menemo muli ndolo za mathole onse amene anafera m'manja mwawo, zokwana 31. Samachitsegula wamba, koma mutawafunsa akhoza kukuuzani lililonse linafa ndi chiyani, mwezi uti.

Amuna awo, amene ndi telala, amakonda kuwaseka. "Amayi, ana athu atatu aja simunawalere chonchi."

"Anu aja ankatha kunena pomwe pakupweteka," amayankha Azamba.

Chaka chatha mwini famu anabweretsa zida zatsopano. Ndolo zakale zija anazisintha ndi zina zokhala ndi kachipangizo m'kati, koyeza kutentha kwa thupi ndi nthawi imene thole lagona kapena kuyenda. Kudenga anamangirirako makamera. Pakona pa khola anaikapo makina oyamwitsa: kampata kopapatiza, kumapeto kwake bere lamphira. Thole likalowa, makinawo amawerenga ndolo yake, n'kutulutsa mkaka wa muyezo wake, n'kulemba kuti lamwa wochuluka bwanji. Zonsezi zimafika pa foni. Nambala ikaoneka yobiriwira, zili bwino; yachikasu, yang'anitsitsa; yofiira, thamanga.

Kwa milungu iwiri Azamba anangoti ndwii, foni ya famu ili m'thumba la epuloni osaiyang'ana n'komwe. Kenako tsiku lina kapitawo, bambo wamtali wokonda kuyenda manja ali kumbuyo, anawaonetsa nambala yofiira ya thole limene iwo anali ataliyesa ndi zala m'mawa womwewo n'kulipeza bwinobwino. Azamba anangoseka. Koma dokotala wa ziweto atabwera anapeza chibayo chikungoyamba kumene, ndipo jakisoni anachipitikitsa chisanakhazikike. Azamba anawerengera chamumtima kuti iwo akanachizindikira patapita masiku awiri, ndipo mwa ndolo za m'chitini muja, zisanu ndi zinayi zinali za chibayo chomwecho.

Apa m'pamene ndimawagomera mayi amenewa. Anthu ambiri a msinkhu wawo akanaumirira mtunda wopanda madzi. Iwo anangoti, "Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," n'kukagula magalasi owerengera. Anamukhazika pansi kapitawo masana atatu otsatizana mpaka chala chawo chokakala chija chinaphunzira kusisita galasi la foni osatsegula zinthu zinayi nthawi imodzi.

Kenako kunabadwa mapasa. Woyamba anali wamphamvu, koma wachiwiri anali kathole kakakazi kochepa, miyendo ngati mapesi. Ndolo yake inali 417, koma Azamba anakatcha Kambuyo. Anakamwetsa ndi botolo milungu iwiri, kenako kanalowa m'khola la makina pamodzi ndi anzake khumi ndi mmodzi.

Pasanathe sabata, nthiti za Kambuyo zinayamba kuwerengeka. Ubweya unati nyankhalala. Koma pa foni 417 inali yobiriwira biriwiri.

"Akapitawo, kathole aka kakufa ndi njala," anatero Azamba.

Kapitawo anatulutsa foni yake. "Mayi, onani nokha. Malita asanu ndi limodzi dzulo, malita asanu ndi limodzi dzana. Thupi silikutentha. Kanangobadwa kofooka basi, mapasa amatero."

"Ndiloleni ndikapatse botolo."

"Lamulo mukulidziwa. Thole lokhuta mukaliwonjezera mkaka litsegula m'mimba, ndiye mulipha ndinu."

Kapitawo sankanama, ndipo Azamba ankadziwa zimenezo. N'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri. Foni yomwe ija inapulumutsa thole la chibayo ndiyo inkawauza tsopano kuti maso awo akunama. Masana a tsikulo analowa m'chipinda cha mkaka waufa kukatenga thumba, maso awo n'kugwera pa chitini. Anachikankhira kumbuyo ndi chigongono ngati chawatukwana.

Lachitatu lililonse pa famupo pamabwera katswiri wa zidazo, bambo wadazi amene antchito amangomutcha Amakina. Azamba, amene zaka zonsezi ankalowa mu ofesi kamodzi pachaka, anavula jombo pakhomo n'kulowa ndi masokosi.

"Bambo, pepani ndikusokonezeni. Makina anuwa amalemba kuti thole lamwa malita angati. Kodi amalembanso kuti latenga nthawi yaitali bwanji?"

"Amalemba, mayi, kungoti pa foni sizioneka. Zili pa kompyuta pano. Nambala?"

"417."

Amakina anasindikiza mabatani. "Malita awiri, mphindi zitatu. Dzulo chimodzimodzi."

"Ameneyo si Kambuyo."

"Ndolo ndi yake, mayi."

"Ndolo ndi yake, koma pakamwa si pake. Kambuyo ndakamwetsa ine. Kamayamwa katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Malita awiri kamatenga mphindi khumi, ndiye kuti tsiku limenelo kali ndi changu."

Amakina anawayang'ana pamwamba pa magalasi awo, kenako anabwerera m'mbuyo pa kompyuta. Tsiku loyamba m'khola la makina, 417 inamwa mphindi khumi ndi imodzi. Tsiku lachiwiri, khumi. Kuyambira tsiku lachitatu, zitatu zokhazokha. Anaitana kapitawo, n'kutsegula zojambula za kamera ya pakona, za nthawi ya masana pamene Azamba amakhala akutsuka zidebe kuseri.

Atatuwo anaona Kambuyo kakulowa m'kampata mwakachetechete. Nyali ya makina inayaka, kusonyeza kuti yawerenga ndolo. Pomwepo kumbuyo kunatulukira thole lalikulu pa onse, limene Azamba ankalitcha Dyera. Linadzipanikiza m'mbali, n'kukankha kamlomo ka Kambuyo, n'kugwira bere lija. Kambuyo kanapanikizika kukhoma, kosatha kutuluka, khutu lake lili pompo pamene makina amawerengera. Makinawo ankaona ndolo ya 417, mkaka n'kumatsika, koma ukutsikira m'mimba mwa Dyera. Atamaliza, Dyera anatuluka, n'kuzungulira, n'kulowanso kudzamwa wake.

"Mbava iyi!" anakuwa kapitawo, manja aja atachoka kumbuyo n'kugwira kumutu.

Azamba sanadikire kumva zambiri. Anatuluka liwiro, jombo n'kuvala mosemphanitsa. Foni inalira m'thumba ali m'njira, ndipo sanafunikire kuyang'ana kuti adziwe nambala ya thole imene yafiira. Anapeza Kambuyo katagona pakona, mutu uli pa udzu, makutu ali zii. Anapisa zala m'kamwa: munali mozizira, lilime osagwedezeka.

Anakhala pansi pa udzu wonyowawo, n'kuika mutu wa katholeko pamiyendo pawo. Kapitawo, yemwe uja wa lamulo, ndiye anathamangira madzi ofunda a mchere ndi shuga, kenako botolo la mkaka, osatumidwa ndi munthu. Azamba anadontheza pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa, akusisita pakhosi, akuyankhula zimene amayankhula ndi mathole, zomwe palibe munthu anazimvapo bwinobwino. Ola linatha. Kenako anamva lilime likugwira chala. Linakoka kamodzi, kawiri, katatu, n'kupuma.

"Ndi kameneka," anatero Azamba, misozi ikutsikira pa magalasi atsopano aja. Analibe dzanja lopukutira.

Mawa lake wowotcherera zitsulo anaika kachitseko kumbuyo kwa kampata, kotsekeka thole likangolowa. Amakina nawo anakonza kuti liwiro la kamwedwe likasintha mwadzidzidzi, nambala izisanduka yachikasu. Akuti anakachita chimodzimodzi m'mafamu ena onse amene amayendera, ndipo kumeneko sadziwa n'komwe kuti nzeruyi inachokera ku zala ziwiri za mayi wina wa jombo zazikulu. Azamba sizinawakhudze. Chimene anapempha n'choti mphindi zija ziziwoneka pa foni yawo, ndipo tsopano m'mawa uliwonse amayamba ndi zala, n'kutsiriza ndi foni.

Patatha miyezi itatu, gulu la Kambuyo linasiya mkaka n'kukonzekera kupita kubusa. Pa nthawi imeneyi ndolo zachipangizo zimachotsedwa kuti zikavekedwe mathole atsopano. Ya 417 inapezeka yosweka m'mbali, chifukwa cha kupanikizika kukhoma kuja, moti sikanagwiranso ntchito. Kapitawo anaitembenuza m'manja, n'kuipereka kwa Azamba.

"Iyi yatha, mayi. Kaponyeni m'chitini chanu chija."

Azamba anayang'ana Kambuyo, kamene kanali pachipata kakugundana mitu ndi Dyera, osabwerera m'mbuyo. Anatulutsa makiyi a khola m'thumba la epuloni, n'kukolowekapo ndoloyo.

"M'chitini muja mumalowa akufa okha, akapitawo," anatero. "Tsegulani chipata, mwana wanga adutse."