Chitsamba cha a Saide

Tinapita kukaphunzira kujambula ndi utoto m'nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja ya Amaramba. Zithunzi zanga zinkangooneka ngati matope, ndiye ndinkasaka wolephera kundiposa. Pafupi nane panakhala a Saide, osoka zovala ku Mandimba, atajambula chinthu chakuda chowerama pamadzi.

"Bambo, imeneyi ndi mbuzi kapena chitsa?" ndinafunsa mokweza. Anthu anafa nalo phwete.

"Ndi malemu akazi anga," anayankha. "Ankawerama chonchi pochapa."

Apa ndikanangopepesa. Koma ine ndinati, "Eya, akuonekadi."

Anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako anandipempha utoto wobiriwira. Ndinawapatsa. Anapaka pang'onopang'ono mpaka mayiwo anasanduka chitsamba.

Madzulo aphunzitsi athu anayamikira chitsambacho pamaso pa onse, ndipo ine ndinawomba nawo m'manja.