Sapatilya Ziwiri za Kumanzere

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri ku fabirika ya sapatilya, nsapato zothamangira zija, kutauni, ndipo atabwerera kuno ku Mualadzi anthu ankalozerana kuti ndi aja opanga nsapato. Iwo sankakana. Ndiye mwana wathu wamkazi atasankhidwa kukathamanga pa mpikisano wa ana asukulu ku Chifunde, aphunzitsi n'kunena kuti wopanda sapatilya atsala, ine sindinade nkhawa. Wopanga nsapato ndimagona naye nyumba imodzi.

"Bambo a mwana, ntchito yanu ija yakupezani," ndinatero.

Anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti zaka zonsezo iwo ankangopaka kola, chomatira chija, basi. Akuti ku fabirika kulibe munthu wopanga nsapato yathunthu. Wina amadula nsalu ndi makina, wina amasoka, wina amaiveka pa phazi la pulasitiki kuti itenge maonekedwe. Ikatero imabwera pa lamba woyenda, iwo apake kola, idutse potentha, makina aipanikize pa sola yake, n'kulowa m'bokosi. Ndinapsa mtima, sindinama. Mwanayo anali atauza kale anzake onse kuti bambo ake amupangira zatsopano.

"Ndiye titsegule fabirika yathu pakhonde pano," ndinatero. "Manja tili nawo."

Mwana anaponda pa katoni ndi phazi lamanzere, bambo ake n'kulijambula mozunguliza ndi lapisi. Alamu anga okonza njinga anatenga katoniyo n'kudula sola ziwiri pa tayala lakale la mota, njinga yamoto ija. Ine ndinayeza pa sola zawozo, kudula nsalu yolimba ya lona, n'kusoka pa makina anga. Phazi la pulasitiki tinalibe, tinadzaza mchenga m'masokosi. Amuna anga, bwana wa fabirika yathuyo, analamula kuti aliyense maso akhale pa ntchito yake, ati ndimo zimathamangira ku fabirika.

Pa kola pokha ndinawagomera amuna anga. Anakwecha mphira ndi mwala, anapaka mbali zonse ziwiri, n'kutiletsa kuzigundanitsa. "Kola safuna phuma," ankatero. "Ayambe wauma, asamate chala." Atauma anamuwambitsa pa makala, anamata, n'kutsindira ndi thumba la chimanga.

M'mawa mwake tinachotsa thumba lija. Zinali zokongola, zoti ukhoza kulowa nazo m'tchalitchi. Mwana anavala ya kumanzere, inamukwana bwinobwino. Atavala inayo, nsonga yake inaloza kutchire. Zonse ziwiri zinali za phazi limodzi. Alamu sanatembenuze katoni, ine ndinangotsatira alamu, wopaka kola anangopaka kola. Alamuwo anaseka mpaka kukhala pansi, koma mwana misozi inali italengeza m'maso, ndipo ine mtima unandiwawa.

"Ku fabirika kumapeto kwa lamba kumakhala munthu woona ngati zili mwamuna ndi mkazi," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Ameneyo ndinamuiwala."

"Kuyambira lero ameneyo ndine," ndinawayankha.

Tayala linalipo, lona analipo. Tinatembenuza katoni n'kupanga ziwiri za kumanja, poti ya kumanzere inayo sitikanaitaya. Mwana wathu anavala zake, zotsalazo anakapatsa mnzake amene anasankhidwanso koma anali atataya kale mtima chifukwa chosowa nsapato. Mayi a mnzakeyo anabwera ndi nkhuku kudzathokoza, ine osawauza kuti mphatsoyo inabadwa mwangozi.

Tsiku la mpikisano tinapita pa mota, ine ndi amuna anga. Mwana wathu sanapambane, anafika chapakati, mnzake uja pambuyo pake. Ine ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Amuna anga sanakuwe, sanaonenso nkhope ya aliyense, maso awo anali pa mapazi anayi aja. Ana atamaliza, iwo anagwada pafumbi, ananyamula phazi la mwana wawo, n'kumakanikiza ndi chala m'mbali monse mwa sola. Anatero ndi mapazi onse anayi. Panalibe pomwe panamatuka.

Pobwerera, tili pafupi kufika kwathu, amuna anga anandiuza kuti zaka zonse zija nsapato zinkadutsa m'manja mwawo n'kulowa m'bokosi, ndipo anali asanaonepo ngakhale imodzi ikuthamanga.