Miyala Yoyera ya Bambo Ngozo

Ku Lizulu kwathu kuno foni ilibe ulemu. Ukhoza kukhala pakhonde la amayi ako, m'Malawi mwenimweni, iyo n'kukulonjera m'Chipwitikizi ngati waoloka kupita ku Mozambique. Malire athu ndi msewu basi, ndiye netiweki ya kutsidya imangolowa m'matumba mwathu osaodira. Tinkangoseka nazo zimenezi mpaka chaka cha Kovidi, pamene mayunivesite anatseka n'kutiuza kuti tiziphunzira pa intaneti tili kumudzi.

Ine Sibongile ndinali chaka chomaliza cha maphunziro a zaulimi. Sabata yoyamba ndinalowa m'kalasi kasanu, n'kutulutsidwanso kasanu. Aphunzitsi amati akayamba kufotokoza, mawu n'kuuma. Pobwereramo ndimapeza akutsanzika. Ndinapsa mtima mpaka kufuna kuiponya m'chimbudzi foniyo. Amene anaipulumutsa ndi bambo Maynard Ngozo, omwe munda wawo wa mbatata ya kachewere unachita malire ndi wathu.

Anali munthu wamtali, woonda, wachifuwa chosatha chimene anabwera nacho ku Joni. Kumeneko anakhalako zaka khumi ndi chimodzi, akuliza belu la chikepe chotsitsa ndi kukweza anthu mumgodi. Kumudzi kuno ankadziwika ndi chinthu china: miyala isanu ndi iwiri yopaka laimu imene anaimwaza m'phiri la kuseri kwa nyumba yawo. Ena ankati ndi zokhwimira kachewere, ena ankati fumbi la mumgodi linawafika kumutu. Inenso, ndisaname, ndinali m'gulu la osekawo.

Tsiku limenelo anandipeza nditakwera pakhola la mbuzi, foni ili m'mwamba.

"Mwanangu, tsika. Mbuzi zikudabwa nawe," anatero. "Kalasi yako ndi ya nthawi yanji?"

"Ya teni koloko, bambo."

"Teni koloko ndi mwala wachitatu. Tiye."

Ndinawatsatira chifukwa cha ulemu chabe. Titafika pamwalapo anandiuza kuti ndikhale pansi, nkhope iloze kum'mawa, ndipo ndiiletse foni kudzisankhira yokha netiweki, chifukwa ikapatsidwa ufulu imathawira kutsidya. Ndinachita zimenezo. Mawu a aphunzitsi anamveka bwinobwino, ola lathunthu osaduka. Ndinachita manyazi, kenako mantha pang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti wakhala akuseka dotolo.

Miyala ija sinali ya mankhwala. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, poimbira ogula kachewere a ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa kafoni kawo ka mabatani, bambo Ngozo ankayenda phiri lonse phazi ndi phazi, kusunga m'mutu pamene mawu amamveka ndi pamene amaduka. Ankadziwa mwala wa m'mawa, wa masana, wa tsiku la msika pamene mafoni achuluka, ndi wa nthawi ya chifunga. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinali ndisanaonepo kudekha kotero.

Pasanathe mwezi tinali ophunzira asanu ndi awiri m'phirimo, aliyense pamwala pake ndi kope lake. Iwo ankatiyendera ngati kapitawo. Chingerezi chathu cha m'mabuku sankachitsata, koma malamulo awo anali a mumgodi, ndipo sankanyengerera.

"Munthu satsika pansi asanayese nyali. Iwe Julius, batire yako ili pati? Theka? Bwerera ukatchaje pa sola yanga, usatichititse manyazi."

Ntchito yofunika Lachisanu ankati tizitumiza Lachinayi, chifukwa netiweki imadziwa tsiku lomaliza ndipo imadwala tsiku lomwelo. Kamera tizitseka ngati tikungomvetsera, kuti bandulo ifike kumapeto a mwezi. Zimene aphunzitsi atumiza tizizitsitsiratu m'mawa anthu asanadzuke ndi mafoni awo, kenako tiziwerenga foni itazimitsidwa. Wina akaduka pakati pa kalasi, mnzake wa mwala woyandikana amulembere zimene zamupita. "Mumgodi mnzako akasowa, sunena kuti zake zimenezo," ankatero.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene ankavutikira nafe chonchi, poti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali mwana wawo. Anayamba kupala dothi la pakhasu ndi kamtengo.

"Ine ndinakhoza Sitandade 8, anandisankhira ku sekondale," anatero. "Kalata yake inagona musitolo ina miyezi iwiri, pansi pa katoni ya sopo. Mmene inkandipeza, malo anga anali atapatsidwa wina. Ndiye ndinakwera ya ku Joni." Anatsokomola. "Uthenga ukachedwa, mwanangu, umakhotetsa moyo wa munthu."

Sanaibwerezenso nkhaniyo, ndipo ine sindinafunsenso.

Mayeso anga omaliza anafika mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ndinayenera kufotokoza kafukufuku wanga wa matenda a kachewere pamaso pa aphunzitsi atatu, kamera ili yotsegula. Anatichenjezeratu kuti wolephera kulowa pa nthawi yake adzadikira chaka china. Chaka chinacho ine ndinalibe: amayi anali atandiuza mosabisa kuti mphamvu zawo zolimira sukulu yanga zathera pomwepa.

Mvula ikakuona litsiro sikata. M'mawa wa tsikulo kunadzuka chifunga, kenako mvula yamphepo. Mwala wachitatu unakana. Wachisanu unakananso. Kutatsala mphindi makumi awiri, ndinayamba kulira, ndipo ndinawakalipira bambo Ngozo ngati anaitana mvulayo ndi iwo.

Ananditsogolera kutsika phiri mpaka pakati pa munda wawo, pachulu chimene panalibe mwala uliwonse.

"Apa ndinasungira tsiku loipa," anatero. "Sindinaikepo mwala kuopa kuti mungandiponderere kachewere."

Pachulupo panali patazikidwa kale mitengo inayi. Anali ataizika dzulo lake ataona mitambo, ndipo lata limene anasanjikapo anali atalizula pakhitchini yawo. Foni inagwira. Koma mphepo inkalinyamula latalo, ndiye iwo anaima pambali panga n'kuligwira ndi manja onse awiri.

Ndinalowa kutatsala mphindi zitatu. Wapampando, mayi wina wa magalasi amene tonse tinkamuopa, anayamba ndi lamulo: ndizungulitse kamera, aone kuti palibe wondinong'oneza mayankho. Mtima wanga unagwa. Ndinaizungulitsa pang'onopang'ono, ndipo anaona mizere ya kachewere, chifunga, ndi mkulu wonyowa atakweza manja kudenga.

"Amenewo ndani?"

"Ndi bambo Ngozo, eni munda uno. Akugwira denga."

Kenako mayi uja anafunsa, m'Chichewa tsopano, kuti bambowo alima kachewere zaka zingati. Iwo anayankha okha kuti makumi atatu ndi ziwiri.

"Ndiye mukuidziwa mbewuyi kuposa tonse tili panofe, bambo," anatero mayiyo mofatsa. "Pepani, lamulo silikulolani kukhala pafupi naye."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, poti mkangano sindiuopa. Bambo Ngozo anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinatseka. Anasolola m'thumba la jasi chingwe chachitali chomangira mbuzi, anachikulunga palata ndi pamtengo umodzi, n'kusiya kansonga kakulendewera pafupi ndi phewa langa.

"Ukamaliza ukoke katatu," anandinong'oneza. "Kwathu kumgodi, katatu ndiye kuti anthu akukwera."

Anayenda chafutambuyo mumzere, akumasula chingwe, mpaka kumalire a munda, mbali imene mphepo inkachokera. Kumeneko anatembenuka kundipatsa msana, chingwe chili paphewa, n'kuchikoka mpaka chitalimba. Lata linakhazikika.

Ndinayankhula mphindi makumi anayi ndi zisanu. Mafunso ena anali olimba, ndipo kawiri konse ndinasowa poyambira. Nthawi zonse ziwirizo ndinakweza maso. Anali pomwepo, mvula ikuwatsikira m'khosi, mapewa akugwedezeka ndi chifuwa, koma chingwe osachilekerera. Ndaonapo anthu ophunzira kwambiri, ndaonaponso anthu olemera, koma sindinachitepo ulemu wosanganikirana ndi mantha ngati umene ndinachita poona msana umenewo.

Pomaliza mayi uja anati ndakhoza, ndipo anawonjeza kuti ndikawathokozere bambo a denga aja. Foni itazima ndinagwira kansonga kaja. Ndinakoka kamodzi, kawiri, katatu.

Sanathamange. Anabwera akukulunga chingwe pamkono mwadongosolo, milomo itachita mbuu ndi kuzizira. Ndinawafunsa, ndikulira ndi ukali womwe, chifukwa chimene sanangochimangirira pamtengo wa kumalire n'kupita kukaotha moto.

"Mtengo sumva mphepo ikatembenuka," anatero. "Komanso wa belu sachoka pamalo anthu ake ali pansi." Anandiyang'ana nkhope. "Nanga uthenga wafika?"

"Wafika, bambo. Ndakhoza."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumbali.

"Wafika pa nthawi yake," anatero. Kenako anamasula lata lija n'kulisenza, poti mayi Ngozo anali akuphikira pamvula chiyambire dzulo.