Mmene Ndinapalasira Bwato ndi Miyendo

Ndikulumbira, zonsezi n'zoona. M'masiku a chipani chimodzi ndinkadzitama pamowa ku Kabwata, mu Lusaka, kuti ndinabadwira m'bwato pamtsinje wa Luapula. Chonsecho madzi aakulu amene ndinawolokapo ndi zithaphwi za m'komboni ya Chilenje.

Boma litatituma kumsonkhano pachilumba china cha m'nyanja yamchere, anatitenga kukaphunzira kupalasa timabwato topyapyala totchedwa kayaki. Mphunzitsi anafunsa ngati alipo wodziwa kale.

"Uyu ni nsomba," anatero Ba Zulu, bwana wanga, akundiloza. "Ine nikwela na yeve."

Iwo anakhala kutsogolo, khosi litauma ndi mantha, ine kumbuyo, pamalo a wowongolera. Anzathu anapita, ife tikungozungulira ngati galu wofuna pogona. Nkhafi inandimenya pamphumi, ndipo ntchito yanga ndinaiona ikumira. Nditaona mchenga pansi, ndinatsika mwakachetechete n'kuyamba kukankha, madzi ali m'chiuno. Mphunzitsi anangoyang'ana kumwamba.

"Mwaona? Luapula iyi!" anakuwa Ba Zulu osacheuka.

Titabwerera ku Lusaka anandiitana. "Pa Sondo tipeleka apongozi banga pa Kafue. Opalasa ndiwe."

Mumtsinje wa Kafue muli ng'ona, ndipo phazi silifika pansi. Loweruka ndinalengeza maliro a amalume. Amalumewo ali moyo mpaka lero, koma sandipatsa moni.