Alamu Sindiwadula pa Chithunzi

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Kaphuka kovundukula chiliza cha malemu achimwene a Yohane, koma mtima wanga sunakhale m'malo.

Mwambo utatha, amalume anati tijambulitse tonse pamodzi. Alamu athu a Nabanda, akazi a malemuwo, atayandikira, amalume anawabweza. Anati, "Inu kaimeni uko, kumunda wa kachewere. Ichi n'cha akubanja." Alamu anapita kukaima kumeneko.

Amalume ankayesa kuti kamera yanga imaona pang'ono ngati foni yawo. Sankadziwa kuti lenzi imene ndimajambulira maukwati ili ndi magalasi angapo okhota m'kati, otolera kuwala ngakhale kochokera m'mbali. Ndinangoipotokola, chithunzi n'kutambasuka mpaka kumunda kuja.

Ndachitumiza pamwambapa pagulu lathuli, tachionani. Lenzi imeneyi imakuza zinthu zimene zili m'mphepete, ndiye alamu akuoneka aakulu kuposa ena onse, ali okhaokha, atakumbatira chipewa cha achimwene pachifuwa.

Tsopano amalume andiimbira foni. Akuti, "Chikondi, udule mbali imeneyo usanasindikize."

Ndawayankha mwaulemu kuti sindidula, ndipo chikhala pakhoma momwe chililimu. Achimwene atagona m'chipatala pa Boma miyezi itatu ija, ankawasambitsa ndi kuwatembenuza ndi alamuwa. Enafe tinkangofika Lamlungu ndi nthochi.

Inu mukuti bwanji, abale? Amene akuti ndidule anene pompano pagulu, atiuzenso kuti iyeyo anawasambitsako kangati.