Galimoto Yodana ndi Nkhungu

Chaka changa chachitatu ku Cape Town ndinkagwira ntchito ya m'dimba ku Hout Bay, kwa mayi wina wachizungu, wokalamba, wamasiye. M'galaja mwawo munali galimoto yakalekale yobiriwira, ya mipando yachikopa, imene amuna awo anaisiya. Lachisanu lililonse ndinkaipukuta fumbi, madamuwo n'kuitulutsa, kukazungulira kudoko la asodzi n'kubwerera.

Itafika nyengo yozizira, ija mvula imagwa pamodzi ndi chisanu, galimoto inayamba kudwala. Injini inkalira modumphitsa, thupi lonse n'kumanjenjemera, nthawi zina n'kuphulika kumbuyo ngati mfuti. Dzuwa likawala inkayenda bwinobwino. Koma nkhungu ikangotsika m'phiri, matenda aja ankabwerera.

Ku Parow kumene ndinkachita lendi kunali bambo wina wa ku Mangochi, makaniko, munthu wofatsa wosachotsa chisoti choyera kumutu. Ndinawapempha, ndipo Loweruka lina m'mawa tinakwera limodzi minibasi.

Anatsegula boneti, n'kuliza injini, n'kuima akumvetsera. Ataizimitsa, anamasula mapulagi limodzilimodzi, kuwayang'ana, kuwanunkhiza.

"Petulo akufika, achimwene," anatero. "Vuto ndi moto."

Anandionetsa kachinthu kozungulira kokhala ndi chivundikiro chakuda, mawaya akutulukira pamwamba pake.

"Iyi ndi disitibyuta. Imagawira mapulagi moto, lililonse pa nthawi yake. Lina likamanidwa, injini imatsimphina."

M'kati mwake munali tizitsulo tiwiri togundana, timene anati ndi mapointi. Tinali titapsa pang'ono. Anatipala, kutichuna, n'kulizanso injini. Inadumphitsabe. Anakanda ndevu kwa nthawi, kenako anandiuza kuti ndikatenge botolo lopopera maluwa, ndithiremo madzi.

"Mutseke chitseko cha galaja, koma kanthawi kochepa. Utsiwu ndi woipa."

Madamu anali atalowa ndi makapu a tiyi. Ndinatsitsa chitseko, masanasana m'galaja n'kuchita mdima. Bambo aja anapopera madzi pang'ono pa chivundikiro chija.

Ndipo tinauona. Timoto tabuluu tinkayenda pachivundikiropo, kuthetheka, kuzima, kutulukira pena. Ndinaiwala kumene ndinali. Ndinali m'dambo la kwathu ku Machinga, mpunga utangomera, ziphaniphani zili mbuu pamwamba pa madzi, mkazi wanga akuyenda patsogolo ndi mtolo wa nkhuni. Zaka zitatu ndinali ndisanamuone. Ndinamva dzanja la madamu litagwira mkono wanga, lozizira, lopepuka. Kaya iwo ankaona chiyani.

Titatsegula chitseko, makaniko anazimitsa injini, n'kuonetsa madamu kamng'alu kochepa ngati tsitsi pachivundikiro chija.

"Chinyezi chikalowa apa, moto umathawira panja," anawauza m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono.

Chivundikiro china anakachipeza patapita milungu iwiri, kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akale. Tsiku lochiika kunali nkhungu yambiri. Injini inalira ulendo umodzi, mosalala.

Madamu anapereka makiyi kwa makaniko.

"Maso anga sakundithandizanso pamsewu wa m'phiri. Tiyendetseni inuyo. Nayenso akwere."

Ndinakhala kumbuyo ndi nsapato zanga zamatope. Tinakwera msewu uja wosemedwa m'thanthwe, nyanja ili kumunsi koma yosaoneka, nkhungu yokhayokha, mwakuti galimoto inkakhala ngati ikuyandama. Munkanunkha chikopa ndi mchere. Madamu anatsitsa galasi, tsitsi lawo loyera likuuluka, akung'ung'udza kanyimbo kamene sindinkakadziwa.

"Mukumva chiyani, achimwene?" anandifunsa makaniko m'Chichewa, osacheuka.

"Palibe chimene ndikumva."

"Ndiye kuti yachira."

Pamwamba anaimika galimoto pambali. Tinatsika tonse atatu, n'kudya masikono amene madamu anakulunga m'kansalu, tikudikira kuti nyanja ioneke. Sinaoneke tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula.